CHAKUDYA-KUMMWERA KWA AFRICA: Ndiwo ya Mphalabungu Ili pa Mtengo Womwe Ukudulidwa

LILONGWE - Mvula yoyamba ikangogwa, misika ya m'maiko a kummwera ndi pakati pa Africa imalandira ndiwo yomwe sinalimidwe m'munda wa munthu aliyense. Ku Lilongwe ndi ku Chipata amayi amayala ngumbi zokazinga m'malichero. Pamsika wa Soweto mumzinda wa Lusaka pamatsitsidwa matumba a vinkubala ochokera ku Mpika ndi ku Serenje. Ku Mbare, mumzinda wa Harare, ogulitsa amayeza madora ndi kapu kapena chidebe, pomwe ku Francistown m'dziko la Botswana ndi ku Thohoyandou m'dziko la South Africa mphalabungu za mtundu womwewu zimagulitsidwa pa maina akuti phane ndi mashonzha.

Kwa zaka zoposa khumi tsopano, mabungwe akuluakulu a padziko lonse akhala akunena kuti tizilombo todyedwa tingathandize kudyetsa anthu ndi ziweto popanda kuononga chilengedwe. Ku Ulaya ndi ku America, mutu waukulu wa nkhaniyi ndi momwe anthu angakopedwere kuti alawe chakudya chomwe amanyansidwa nacho. M'chigawo chino vuto limenelo n'lochepa, chifukwa anthu anazolowera ndiwozi kuyambira kalekale. Chomwe chikudetsa nkhawa n'chakuti mitengo yomwe tizilomboti timadalira ikutha, nyengo ikusintha, ndipo maboma ambiri sanayambe kuwerengera chakudyachi m'ndondomeko zawo za ulimi ndi kadyedwe koyenera.

Lipoti lomwe linautsa nkhani

Nkhaniyi inamveka kwambiri mu Meyi 2013 pomwe bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi la FAO, mogwirizana ndi akatswiri a payunivesite ya Wageningen ku Netherlands, linatulutsa lipoti lalikulu lokhudza tizilombo todyedwa. Lipotilo linati mitundu yoposa 1,900 ya tizilombo imadyedwa padziko lapansi, ndipo linayerekeza kuti anthu 2 biliyoni amadya tizilombo monga mbali ya chakudya chawo. Mu 2022 ena mwa omwe analemba lipotilo, motsogozedwa ndi Arnold van Huis, anaunikanso chiwerengero cha anthucho n'kunena kuti chikuoneka kuti chinali chokwera kuposa momwe zinthu zilili.

Mfundo zina za m'lipotilo zidakagwirabe ntchito. Malinga ndi FAO, tizilombo timafuna pafupifupi makilogalamu 2 a chakudya kuti tilemere ndi kilogalamu imodzi, pomwe ng'ombe imafuna makilogalamu 8. Chifukwa chake n'chakuti kachilombo sikagwiritsa ntchito chakudya potenthetsa thupi lake monga zichitira ng'ombe, mbuzi ndi nkhuku. Komanso pa kachilombo ka mtundu wa nkhululu, magawo 80 pa 100 alionse a thupi lake amadyedwa, poyerekeza ndi magawo 55 pa nkhuku kapena nkhumba ndi magawo 40 pa ng'ombe. Kuweta tizilombo kumafunanso malo ochepa ndi madzi ochepa.

Maiko olemera anasintha malamulo awo motsatira mfundozi. Bungwe la European Union linaloleza kuti ufa wa tizilombo uziikidwa m'chakudya cha nsomba mu 2017, ndi m'chakudya cha nkhuku ndi nkhumba mu 2021. M'chaka chomwecho cha 2021 linaloleza koyamba kuti mtundu umodzi wa mphutsi uzigulitsidwa ngati chakudya cha anthu. Dziko la Singapore linavomereza mitundu 16 mu 2024. Nayo banki yaikulu padziko lonse ya World Bank inatulutsa lipoti mu 2021 lolimbikitsa ulimi wa tizilombo mu Africa.

Koma pali kusiyana komwe sikutchulidwa kawirikawiri. Ziwerengero zonsezi zikukamba za tizilombo towetedwa. Pafupifupi tizilombo tonse tomwe timadyedwa ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe, Botswana, Namibia ndi Democratic Republic of Congo (DRC) timatoledwa kutchire. Mphalabungu, matondo, ngumbi, mafulufute, bwanoni, nkhunguni, nyenje, ziwala, ngakhale nkhungu za panyanja ya Malawi, zonsezi zimabwera pa nyengo yake ndipo palibe amene amazidyetsa.

Chomwe thupi limapindula

Phindu la ndiwozi m'thupi ndi lodziwika bwino. Mphalabungu zouma za m'mitengo ya tsanya, yomwe maiko ena amati mopane, zili ndi mapuloteni okwana theka la kulemera kwake kapena kupitirira apo. Lipoti la FAO linati m'magalamu 100 a mphalabunguzi muli mamiligalamu a ayironi a pakati pa 31 ndi 77, pomwe m'nyama ya ng'ombe youma yolemera chimodzimodzi muli mamiligalamu 6. Ngumbi nazo zili ndi mafuta ambiri, n'chifukwa chake zimakazingidwa popanda kuthira mafuta ophikira.

Izi n'zofunika kwambiri m'chigawo chomwe ana ambiri amakula ndi nsima kapena phala la ufa woyera ndi ndiwo zamasamba zokha. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo anapeza kuti ku Malawi ana 37 pa 100 alionse osapitirira zaka zisanu anali opinimbira mu 2015 ndi 2016. Ku Zambia anali 35 pa 100 alionse mu 2018, ndipo ku DRC anali 43 pa 100 alionse mu 2013 ndi 2014.

Nthawi yomwe tizilomboti timapezeka nayo ndi yofunika. Ngumbi ndi mphalabungu zambiri zimabwera pakati pa Novembala ndi Januwale, miyezi yomwe nkhokwe zimakhala zitapepuka, chimanga chitakwera mtengo, ndipo cham'munda chisanache. Zikawiritsidwa m'madzi a mchere n'kuyanikidwa bwino zimasungika miyezi ingapo popanda firiji, chinthu chomwe nyama ndi mkaka sizingachite m'midzi yopanda magetsi.

Komabe tizilombo patokha sitingathetse kunyentchera. Kafukufuku yemwe anachitika m'midzi ya kumpoto chakumadzulo kwa DRC, yemwe zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2015, anapatsa ana phala losakaniza ndi ufa wa mphalabungu tsiku ndi tsiku kuyambira ali ndi miyezi 6 mpaka miyezi 18. Pamapeto pake ana omwe ankadya phalalo anali ndi magazi okwanira kuposa anzawo, koma kupinimbira sikunachepe. Izi zikusonyeza kuti msinkhu wa mwana umadaliranso zinthu zina monga malungo, matenda otsekula m'mimba, madzi aukhondo ndi thanzi la mayi ali woyembekezera. Mphalabungu zili ndi gawo lake, makamaka pa vuto la kuchepa kwa magazi, koma ziyenera kuyendera limodzi ndi ntchito zina zaumoyo.

Malonda omwe salembedwa m'mabuku a boma

Chiwerengero chomwe chimatchulidwa kawirikawiri n'chakuti chaka chilichonse anthu a kummwera kwa Africa amatola mphalabungu za m'tsanya zokwana 9.5 biliyoni, za ndalama zokwana madola a ku America 85 miliyoni. Chiwerengerochi n'chakale, cha zaka zoposa 20 zapitazo, ndipo chimabwerezedwabe chifukwa malonda amenewa ambiri sadutsa m'mabuku a nthambi zoona za chiwerengero ndi misonkho. Dziko la Botswana linaonetsa kufunika kwa kachilomboka poika chithunzi cha phane pa khobidi la 5 pula.

Katunduyu amadutsa malire. Wochokera ku Botswana ndi kummwera kwa Zimbabwe amakathera m'misika ya ku Limpopo ndi ku Johannesburg. Mphalabungu za ku DRC zimafika mpaka ku Brussels ndi ku Paris, komwe kuli anthu ambiri ochokera m'dzikolo. Kukwera kwa mtengo wake m'mizinda kukutsutsa maganizo akuti ichi ndi chakudya cha amphawi.

Otola ambiri ndi amayi ndi ana. M'maboma a Gwanda, Beitbridge ndi Mwenezi ku Zimbabwe, mabanja amamanga misasa kutchire kwa masabata angapo, kutola, kufinya matumbo, kuwiritsa ndi kuyanika. Ndalama zake zimalipira sukulu, kugula mbewu ndi feteleza. Koma phindu lalikulu limapita kwa mavenda omwe amafika ndi galimoto pa nthawi yomwe katundu wachuluka, n'kugula motchipa kapena kusinthanitsa ndi sopo, mchere ndi zovala, kenako n'kusunga mpaka mtengo utakwera m'tauni. Kumpoto kwa Zambia akuluakulu a zamaphunziro akhala akudandaula kuti nyengo ya mphalabungu ikafika ana ambiri amajomba kusukulu, ndipo nyengoyi imakumana ndi nthawi ya mayeso a kumapeto kwa chaka.

Mtengo ukagwa, ndiwo yapita

Mphalabungu ndi mwana wa gulugufe wamkulu wouluka usiku. Gulugufeyo amaikira mazira pamasamba a mitengo ya mitundu yochepa yokha, monga tsanya m'zigwa zotentha za Shire, Luangwa, Zambezi ndi Limpopo, komanso mombo ndi mtondo m'nkhalango za miombo. Mphalabunguyo imadya masamba kwa masabata pafupifupi asanu ndi limodzi, kenako imatsika n'kulowa m'nthaka, momwe imakhala mpaka itasanduka gulugufe wa nyengo yotsatira. Mtengo ukasowa, kapena zonse zikatoledwa zisanalowe pansi, mbewu yake imatha pamalopo.

Nkhalango za miombo zinkayerekezedwa kuti ndi zazikulu makilomita 2.7 miliyoni m'litali ndi m'lifupi, kuchokera ku Angola mpaka ku Tanzania ndi Mozambique. Zikuchepa chifukwa cha kutsegula minda yatsopano, kuotcha makala, kuchiza fodya ndi kuotcha njerwa. Ku Malawi mabanja oposa 90 pa 100 alionse amaphikira nkhuni kapena makala. Ku Zambia chiwerengero chomwe boma lakhala likugwiritsa ntchito n'chakuti mahekitala a pakati pa 250,000 ndi 300,000 a nkhalango amatha chaka chilichonse. Tsoka la tsanya n'lakuti mtengo wake ndi wolimba ndipo makala ake amayaka nthawi yaitali, kotero ndi womwe ootcha makala amayamba kuusaka.

Apa pali kusamvana kwa phindu. Mtengo ukaotchedwa umapereka thumba la makala kamodzi kokha. Ukasiyidwa umapereka ndiwo chaka ndi chaka, mwinanso kawiri pachaka, chifukwa mvula ikagwa bwino mphalabungu za m'tsanya zimabweranso mu Marichi ndi Epulo. Koma banja lomwe lilibe chakudya lero silingadikire Disembala, makamaka ngati silikudziwa kuti amene adzatole pamtengopo ndi iwo eni kapena alendo obwera ndi lole.

Katoledwe nako kasintha. Mtengo wa katunduyu utakwera, anthu ena anayamba kudula nthambi kapena kugwetsa mtengo wonse pofuna mphalabungu zomwe zili pamwamba. Ena amatola zing'onozing'ono zisanakhwime, ena amakumba zomwe zalowa kale m'nthaka. Moto wolusa wa mu Seputembala ndi Okutobala umaononga mazira ndi masamba anthete omwe tianato timayamba kudya.

Pamwamba pa izi pabwera chilala. Mvula ya 2023 mpaka 2024 inavuta chifukwa cha nyengo ya El Niño, ndipo maiko a Zambia, Malawi ndi Zimbabwe analengeza kuti agwa m'ngozi pakati pa Febuluwale ndi Epulo 2024. Pofika Ogasiti chaka chomwecho bungwe la SADC linati anthu pafupifupi 68 miliyoni ankafunika thandizo. M'chaka chotere mitengo imachedwa kuphuka ndipo mphalabungu zazing'ono zimafa ndi dzuwa. Choncho chakudya chomwe anthu amathawirako chimanga chikakanika nacho chimachepa pa chaka chomwe chikufunika koposa.

Kuweta mphalabungu kunayesedwapo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 pulojekiti ina yothandizidwa ndi boma la Britain inayesa kuziweta m'midzi ya ku Botswana ndi Zimbabwe. Zinaoneka kuti n'zotheka kuteteza mazira ndi tiana ku mbalame ndi dzuwa, koma matenda ndi tizilombo tina todya mazira tinkabweza ntchitoyo m'mbuyo, ndipo masamba a tsanya ankafunikabe. Mpaka pano njira yodalirika yochulukitsira mphalabungu ndiyo kusamala nkhalango.

Malamulo a makolo akugwirabe ntchito

Madera ena anapeza kale njira yotetezera ndiwozi. Pakati pa anthu a mtundu wa Bisa m'dera la Mfumu Kopa, kufupi ndi Mpika ku Zambia, akatswiri a m'dzikolo motsogozedwa ndi Keith Mbata analemba mu 2002 za dongosolo lomwe mafumu amatsata. Anthu osankhidwa amayendera nkhalango kuona momwe mazira ndi tiana tikukulira. Mfumu ndiyo imalengeza tsiku loyamba kutola chipumi ndi mumpa, maina a mitundu iwiri yomwe imakondedwa kumeneko, komanso tsiku losiya, kuti zina zitsale n'kulowa pansi. Wophwanya lamulo amalipitsidwa.

Ku Bikita, kummwera chakum'mawa kwa Zimbabwe, anthu a kwa Nerumedzo amasunga nkhalango yomwe kachilombo kotchedwa harurwa, kofanana ndi nkhunguni, kamasonkhanamo m'nyengo yozizira. Chaka chilichonse pamasankhidwa oyang'anira, kudula mitengo n'koletsedwa, ndipo zotoledwa zoyamba zimaperekedwa kwa mafumu. Nkhalangoyo yaimabe pomwe malo ambiri ozungulira anasanduka minda. Kumpoto kwa Namibia, m'dera la Uukwaluudhi, utsogoleri wa makolo umaika nthawi yotola ndi kupereka zilolezo. Ku Botswana otola ndi ogulitsa phane amafunika chilolezo cha nthambi ya boma yoona za nkhalango.

Chitsanzo cha ku Malawi chikuchokera kumalo osungirako nyama zakutchire a Kasungu. Mu 1990 nthambi yoona za nyama zakutchire inaloleza mabanja ena a m'midzi yozungulira kulowa m'nkhalangoyo kukatola matondo ndi kuweta njuchi, pa nthawi yomwe kunja kwa mpanda mitengo inali itatha chifukwa cha minda. Akatswiri awiri a nthambiyo, Munthali ndi Mughogho, analemba mu 1992 kuti phindu la ntchito ziwirizi linkaposa la chimanga, nyemba ndi mtedza, komanso kuti malo omwe anatenthedwa msanga, udzu usanaumitsitse, ndi omwe anabereka matondo ambiri. Ku South Africa akuluakulu a nkhalango ya Kruger anayamba kuloleza anthu oyandikana nayo kutola mashonzha mu 2010.

Phunziro la madera onsewa ndi limodzi. Anthu amasamala mtengo akatsimikiza kuti zomwe udzabereke ndi zawo, ndipo lamulo limagwira ntchito likakhala m'manja mwa omwe akukhala pafupi ndi nkhalango. Malamulo amenewa amafooka pomwe alendo ochokera kutali safuna kumvera mfumu ya dera, ndipo boma silinapereke mphamvu zomveka bwino kwa eni dera. Atsogoleri a maiko a m'chigawo chino anasainira chikalata cha mgwirizano wosamala nkhalango za miombo ku Maputo mu Ogasiti 2022. Mgwirizanowu udzamveka kumudzi ngati udzaone mphalabungu, bowa ndi uchi monga chuma chofunika kutetezedwa, mofanana ndi matabwa ndi mpweya womwe mitengo imasunga.

Mphutsi zodyetsa nkhuku ndi nsomba

Mbali yachiwiri ya nkhaniyi ndi chakudya cha ziweto, ndipo kumeneku ndiye kuweta tizilombo kukuoneka kotheka. Mlimi wa nkhuku amaononga magawo 60 mpaka 70 pa 100 alionse a ndalama zake pogula chakudya, ndipo mbali yodula kwambiri ndi soya ndi ufa wa nsomba. Kapenta, usipa ndi matemba zomwe zimagayidwa kuti zidyetse nkhuku ndi ndiwo yomwe anthu osauka amafunanso. Ndalama ya dziko ikagwa mphamvu, monga zinachitikira ku Malawi mu Novembala 2023 pomwe kwacha inatsitsidwa ndi magawo 44 pa 100 alionse, alimi ang'onoang'ono ambiri amatseka makola.

Kachilombo komwe kakopa chidwi ndi ntchentche yakuda yotchedwa black soldier fly. Ntchentcheyi siluma ndipo sikonda kutera pa chakudya cha anthu monga ichitira ntchentche ya m'nyumba. Mphutsi zake zimadya zinyalala zowola monga makoko a zipatso, masamba otsala pamsika, masese a mowa ndi ndowe. Pakatha masabata awiri kapena atatu zimakhala zakhwima, ndipo zikaumitsidwa zimakhala ndi mapuloteni okwana pafupifupi magawo 40 pa 100 alionse. Zotsalira zake ndi manyowa abwino, chinthu chomwe alimi ayamba kuchifuna kuyambira pomwe mtengo wa feteleza unakwera kwambiri mu 2021 ndi 2022.

Komabe mbiri ya makampani akuluakulu pa ntchitoyi ndi yochenjeza. Kampani ya AgriProtein, yomwe inayambira ku Cape Town ndipo mu 2018 inapeza madola a ku America 105 miliyoni kuchokera kwa oika ndalama, inagwa mu 2021. Kampani ya Ÿnsect ya ku France, yomwe inasonkhanitsa madola mamiliyoni mazanamazana n'kumanga fakitale yaikulu kufupi ndi mzinda wa Amiens, inalephera kulipira ngongole ndipo pofika 2025 nkhani yake inali m'manja mwa khoti. Vuto lalikulu linali lakuti makina, magetsi ndi nyumba zotenthetsera zinakweza mtengo wa ufa wa tizilombo kuposa wa soya, womwe unkayenera kupikisana nawo.

Zomwe zinagwetsa mafakitalewo n'zomwe zikupereka mwayi kwa mlimi wa m'chigawo chino. Kutentha komwe ku Ulaya amalipira kuno kumapezeka kwaulere miyezi yambiri ya chaka, ndipo khola la ntchentche lingamangidwe ndi mitengo, neti ndi mabeseni. Ku Kenya bungwe lofufuza za tizilombo la icipe, lomwe likulu lake lili ku Nairobi, laphunzitsa alimi ambiri, ndipo mu 2020 linalandira mphoto ya Food Planet Prize chifukwa cha ntchitoyi. Maiko a Kenya ndi Uganda anakhazikitsa miyezo yovomerezeka ya ufa wa tizilombo m'chakudya cha ziweto mu 2017, zomwe zinatsegulira njira opanga chakudyachi kuti azigula kwa alimi mosaopa lamulo. Ku Zimbabwe yunivesite ya Chinhoyi yakhala ikuphunzitsa alimi ulimi umenewu, ndipo pa chilala cha 2024 alimi ena a ku Nyangambe ankadyetsa nkhuku zawo mphutsizi.

Malire ake alipo. Kumudzi zinyalala si zambiri monga ena amaganizira, chifukwa gaga ali kale ndi ntchito: amadyetsa nkhumba ndi nkhuku, amafululira mowa, ndipo pa njala amadyedwa ndi anthu. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kumadera okwera mphutsi zimakula pang'onopang'ono. Malo oyenera kwambiri ulimiwu ndi m'mphepete mwa mizinda monga Lilongwe, Blantyre, Lusaka, Tete ndi Harare, komwe makhonsolo akulephera kuchotsa milu ya zinyalala za m'misika ndipo oweta nkhuku ali pafupi.

Ukhondo ndi chitetezo cha wodya

Chakudya chikayamba kuyenda mitunda yaitali, nkhani ya ukhondo imakula. Kafukufuku wa ku Botswana anapeza kuti phane yoyanikidwa pansi kapena yosungidwa pachinyontho imachita chuku, ndipo china mwa chukucho chimatulutsa poizoni wofanana ndi yemwe amapezeka mu mtedza ndi chimanga chosasungidwa bwino. Kuyanika pathandala, kuumitsa mokwanira ndi kusunga m'matumba oyera kumachepetsa vutoli pa mtengo wochepa. Madokotala amachenjezanso kuti anthu omwe thupi lawo limadana ndi nkhanu angathe kudwala akadya tizilombo tina.

Choopsa china ndi mankhwala ophera tizilombo. Kuyambira pomwe mbozi zoononga chimanga zinafika m'chigawo chino mu 2016 ndi 2017, alimi akupopera minda kwambiri, ndipo ziwala ndi bwanoni zimagwidwa m'minda momwemo. Mu Seputembala 2020 bungwe la FAO linachenjeza kuti dzombe likuopseza chakudya cha anthu pafupifupi 7 miliyoni ku Botswana, Namibia, Zambia ndi Zimbabwe. Dzombe ndi ndiwo, koma lopoperedwa mankhwala ndi poizoni. Njira ina ilipo: mu 2009 ntchito yolimbana ndi dzombe lofiira ku Tanzania, yomwe bungwe la maiko a chigawo chino lolimbana ndi dzombe lokhala ku Ndola linatenga nawo mbali, inagwiritsa ntchito mankhwala opangidwa kuchokera ku chuku chomwe chimapha dzombe ndi ziwala zokha. Kulikonse komwe kwapoperedwa, anthu ayenera kuuzidwa m'chiyankhulo chawo, pawailesi ndi kudzera mwa mafumu, asanatenge matumba kukagwira.

Zomwe maboma angachite

Zofunika kuchita sizifuna ndalama zambiri. Choyamba n'kuwerenga. Kafukufuku wa m'mabanja yemwe nthambi za chiwerengero zimachita atafunsa bwino za kuchuluka kwa tizilombo tomwe banja latola, ladya ndi kugulitsa, nduna za zachuma zingaone kuti nkhalango yoimirira ili ndi mtengo wake.

Chachiwiri n'kupereka mphamvu zalamulo kwa midzi ndi mafumu kuti aziika masiku otsegulira ndi otsekera, kuletsa kugwetsa mitengo, kutentha tchire msanga, ndi kulipiritsa alendo obwera kudzatola. Chachitatu ndi miyezo ya ukhondo yomwe maiko a SADC angagwirizane, yosavuta kuti mayi wa ku Gwanda kapena ku Mpika aikwaniritse, kuti katundu azidutsa pachipata cha Beitbridge, Chirundu kapena Mwami mwadongosolo. Miyezo yolembedwa mongoganizira makampani ingachotse pamsika amayi omwe asunga malondawa zaka zonsezi. Chachinayi n'kuthandiza otola kupanga magulu okhala ndi mosungira katundu, kuti asamagulitse zonse pa sabata yomwe mtengo wagwa. Chachisanu n'kuika ulimi wa mphutsi m'maphunziro a alangizi a zaulimi, ndi kulola oweta kutenga zinyalala za m'misika ya makhonsolo.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Mafakitale a tizilombo omwe analonjezedwa zaka khumi zapitazo ambiri sanafike, ndipo ena mwa omwe anamangidwa anatsekedwa. Chomwe chigawo chino chili nacho m'manja ndi anthu odziwa chulu chomwe chitulutse ngumbi usiku uno ndi mtengo womwe gulugufe amaikirapo mazira, misika yomwe ikugula kale, ndi nkhalango zomwe zatsala. Ngati tsanya wa m'chigwa cha Shire ndi mtondo wa ku Mpika zipitirira kupita kumizinda m'matumba a makala, ana omwe akubadwa lero adzamva za matondo ndi vinkubala kwa agogo awo, pa nthawi yomwe maiko ena adzakhale akugulitsa ufa wa tizilombo m'masitolo.